Mawu ena a Chingelezi mutawafunsa kwawo mungadabwe

Tsiku lina madzulo ndili mu minibasi, kondakitala watulutsa mutu pawindo uku ndalama wazipinda pakati pa zala, akufuula kuti "otsika pamaloboti alipo?" Mayi wina kumbuyo, dengu la tomato lili pamiyendo, anayankha kuti "tisiyeni pamaloboti pompo achimwene." Palibe anadabwa, tonse tinamvana. Koma mawu omwewo mutakawanena ku London, kuti pitani chonchi mukafika pa robot mukhotere kumanzere, munthu akhoza kukuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chifukwa kwa iye robot ndi chimakina chija chooneka ngati munthu cha m'mafilimu, magetsi a pamsewu amangoti traffic lights basi.

Ndiyetu liwu limeneli poyamba silinali la Chingelezi n'komwe. Linachokera ku chilankhulo cha anthu a ku Czech, kumene robota imatanthauza ntchito yokakamiza imene anthu wamba ankagwira m'minda ya eni malo osalipidwa kanthu, ife amene tinamvapo za thangata kwa agogo athu sitifunika kutifotokozera zambiri, ndi yomweyo. Mu 1920 mlembi wina, Karel Čapek, analemba sewero la anthu opangidwa m'fakitale kuti azigwira ntchito m'malo mwa anthu enieni, ndipo amene anamupatsa dzina loti awatchule ndi mchimwene wake Josef amene anali wojambula zithunzi. Seweroli litamasuliridwa m'Chingelezi, robot analowa. Ku South Africa magetsi atayamba kuikidwa pamphambano pamene kale pankaima wapolisi n'kumaimika ndi kulozera magalimoto, anthu anati ameneyu ndi robot policeman, kenako policeman uja anagwera panjira kunatsala robot yekha. Ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kwathu kuno dzinalo linafala chimodzimodzi, ife tinangosintha r kukhala l, n'kuikako ma- kutsogolo ndi i kumapeto, basi maloboti.

Chimene chimandikoka mtima pa nkhani za mawuzi ndi ichi: tinakula tikuona ngati Chingelezi chinakonzedwa ndi anthu ovala mataye atakhala pa tebulo lalitali, liwu lililonse analiganizira bwinobwino, ndiye iwe ukaphonya pang'ono kalasi yonse kuseka. Koma ukayamba kufukula kumene mawu ake ambiri anachokera upeza kuti anabadwira pamsika, m'ndende, m'makhichini, ena anabadwa chifukwa wina anamva molakwika ndipo cholakwikacho chinakhazikika, ena ndi mayina a anthu amene sanafune n'komwe kuti atchuke.

Tengani basi yomwe timakwerayi. Mu 1826 ku Nantes, mzinda wa ku France, munthu wina dzina lake Stanislas Baudry anali ndi malo osambira a madzi otentha kunja kwa tawuni, ndiye pofuna makasitomala anaika ngolo yokokedwa ndi mahatchi kuti izitenga anthu pakati pa tawuni kupita nawo kumeneko. Anthu ngoloyo ankakwera ndithu koma ambiri ankatsikira panjira, za kusamba analibe nazo ntchito, iye ataona choncho anati bizinesi yeniyeni ndi yonyamula anthuyi. Ngolo zimenezi zinatchedwa omnibus, liwu la Chilatini lotanthauza "za onse", ndipo mu 1829 George Shillibeer anaziyambitsa ku London. Angelezi anaona kuti omnibus ndi lalitali, anadula. Tsono onani pamene anadulira, anataya omni amene ndi amene ali ndi tanthauzo loti onse, n'kusunga bus amene m'Chilatini ndi kamchira chabe ka galamala kopanda tanthauzo pakokha, zili ngati munthu atenge liwu loti kunyumbako ataye zonse asunge ko, ndiye dziko lonse lizitchula nyumba kuti ko. Kamchira kameneko ndi kamene lero tikuti basi, minibasi, depoti ya mabasi. Basi winayu woti "zakwana" ndi liwu lina, anangofanana kamvekedwe.

Pa nkhani ya kumva molakwikayi ndiye pali zambiri. Mukudziwa kuti m'Chingelezi amati a kutsogolo kwa mawu ena, an kutsogolo kwa ena. Ndiye kalelo anthu ambiri sankalemba, ankangomva, ndipo n uja ankasochera osadziwika kuti ndi wa mbali iti. Epuloni imene amavala ophika poyamba inali napron, anthu akamati a napron ena ankamva an apron, mapeto ake n anachoka pa liwulo mpaka lero, koma m'bale wake napkin anatsala ndi n wake. Umpire, woimbira uja pa netibo, anali noumpere, kuchokera ku Chifalansa, kutanthauza munthu wopanda mnzake, wachitatu amene amaweruza awiri akakangana, nayenso n anamutaya mwa njira yomweyo. Njoka ina amati adder inali nadder. Pomwe nickname zinayenda mobwerera, poyamba linali ekename, eke kutanthauza chowonjezera, dzina lowonjezera, ndiye an ekename anthu anamva a nekename, n wa eni ake anakakamira pa liwu mpaka pano. Nsawawa nazo, kale mbewuyo inkatchedwa pease kaya imodzi kaya zambiri, anthu atamva s kumapeto anaganiza kuti ndi s wochulukitsa uja, ndiye anadzipangira okha liwu loti pea la imodzi, limene kunalibe.

Izi ife tisaziseke chifukwa tinachita zomwezo, ndipo ine ndimaona kuti tinachita mwaluso. Liwu loti hospital litafika m'makutu mwa makolo athu analikonza mpaka linakhala chipatala, ndipo poti layamba ndi chi- linalowa m'gulu la chinthu, chitseko, chingwe, ndiye zikachuluka ndi zipatala, "chipatala chathu chatsekedwa", "zipatala zonse zadzaza", galamala yake yoyera ngati liwulo linabadwira ku Dedza. Machesi ndi makina, ma- ali kutsogoloyo si wathu, anabwera nawo mawuwo kuchokera kwawo, koma ife tinamumva ngati ma- wa madzi ndi mafuta, n'chifukwa chake timati machesi anyowa, makina awonongeka. Sitima inachokera ku steamer, chombo choyendera nthunzi cha panyanja, njanji itabwera tinangoti iyi ndi sitima ya pamtunda. Munthu wa ku England amene anasandutsa napron kukhala apron ndi agogo amene anasandutsa hospital kukhala chipatala, khutu lawo linagwira ntchito imodzi.

Funso limene ana asukulu amafunsa kawirikawiri ndi loti n'chifukwa chiyani ng'ombe ikakhala m'khola ndi cow koma ikafika m'mbale ndi beef, nkhumba pig koma nyama yake pork, nkhosa sheep koma nyama yake mutton, pamene ife timangoti nyama ya ng'ombe nkhani yatha. Yankho lili mu chaka cha 1066 pamene William wa ku Normandy anawoloka nyanja n'kugonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo kwa zaka pafupifupi 300 olamulira England, a kunyumba ya mfumu ndi a m'makhoti, ankalankhula Chifalansa, Chingelezi chinali cha anthu wamba olima ndi kuweta. Cow, pig, sheep ndi mawu akale a anthu wambawo, pomwe beef, pork, mutton anachokera ku mayina a Chifalansa a nyama zomwezo, ndipo m'kupita kwa nthawi mawu awiriawiriwa anagawana ntchito, lina la kukhola lina la kutebulo. Eti Chingelezi chomwe chinatipatsa chikwapu kusukulu tikalankhula Chichewa, nachonso chinakhalapo chilankhulo chonyozeka m'dziko lake lomwe.

Masipelo ovuta aja nawo ali ndi mbiri. K wa mu knife ndi knee kale ankamutchula ndithu, pakamwa panasintha koma zolemba zinatsalira, makamaka William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476 masipelo anayamba kuuma pamene katchulidwe kanali kakusinthabe. B wa mu debt sanatchulidwepo ndi kale lomwe, liwulo linkalembedwa dette, anthu ophunzira ndi amene anamulowetsa pofuna kuonetsa kuti likuchokera ku debitum wa Chilatini. S wa mu island ndiye analowa molakwika zenizeni, anaganiza kuti liwulo ndi pachibale ndi isle pamene ayi. Ndiye mwana wa Sitandade 5 akalemba iland n'kulandira cholakwa chofiira, kunena zoona iye ndi amene wayandikira kalembedwe koyambirira.

Tsopano mayina a anthu. Amene nkhani yake imandigwira kwambiri ndi Charles Boycott. Ameneyu anali kapitawo wa munthu wolemera, Lord Erne, woyang'anira minda yake ku County Mayo ku Ireland, ntchito yake kutolera lendi kwa alimi osauka amene ankalima pa malowo. Mu 1880 zokolola sizinayende bwino, alimi anapempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti, mwini malo anati 10 yokha, ndipo Boycott anayamba kupereka zikalata zothamangitsa mabanja 11. Masiku omwewo mtsogoleri wa gulu lomenyera ufulu wa malo, Charles Stewart Parnell, anali atauza anthu pa msonkhano ku Ennis kuti munthu wochita zoipa pa nkhani za malo musamumenye, ingomusalani. Anthu a m'deralo anachitadi zimenezo kwa Boycott. Antchito a m'munda anachoka, a m'nyumba anachoka, wosula zitsulo anakana kumugwirira ntchito, wochapa zovala anakana, masitolo a m'tawuni ya Ballinrobe anakana kumugulitsa kanthu, ngakhale makalata anasiya kumubweretsera. Mbewu zili m'munda zikudikira, wokolola palibe. Mapeto ake kunabwera anthu 50 ongodzipereka ochokera kumpoto kudzakolola, akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000, ndipo ndalama zimene zinapita pa chitetezocho zinaposa kutalitali mtengo wa mbewu zimene anakololazo. Pofika Disembala chaka chomwecho Boycott anali atachoka ku Ireland, koma dzina lake linali litalowa kale m'manyuzipepala ngati mneni, to boycott, ndipo Afalansa, Ajeremani ndi ena ambiri analitenganso.

Ndikawerenga nkhani imeneyi ndimakumbuka kumudzi. Tonse tikudziwa chimene chimachitikira munthu amene sapita kumaliro a anzake, tsiku limene zovuta zamugwera iye adzukulu amangokhala pansi makasu ali pambali, amayi osabwera kudzaphika, mpaka apite kwa amfumu akapepese ndi nkhuku kapena mbuzi. Palibe wamumenya, palibe wamutukwana, koma amamva kuwawa kuposa chikwapu. Alimi a ku Mayo anagwiritsa ntchito chida chomwecho, kusiyana kwake n'koti kwawoko chinatenga dzina la munthu amene anamuchitira.

Achinyamata akamati "magaye, zikuyenda?" sadziwa kuti akutchula munthu amene anaphedwa chifukwa choukira boma. Guy Fawkes anagwidwa pa 5 Novembala 1605 ali m'chipinda cha pansi pa nyumba ya malamulo ku London pamodzi ndi migolo 36 ya wonga, iye ndi anzake ankafuna kuphulitsa nyumbayo mfumu James ili momwemo. Anaphedwa mu Januwale 1606. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse pa tsikulo anthu ankayatsa moto, ndipo kenako ana anayamba kupanga chidole cha nsanza n'kumayenda nacho m'misewu asanachiotche, chidolecho ankachitcha guy. Ndiye munthu wovala modabwitsa ankamunena kuti akuoneka ngati guy, kunali kunyoza. Liwulo litawoloka kupita ku America ululu wake unatha linangotanthauza mwamuna aliyense, lero you guys amauza ngakhale gulu la atsikana okhaokha.

Sangweji ndi dzina la udindo wa John Montagu, Earl wachinayi wa Sandwich, katawuni ka ku Kent, amene akuti ankakonda kuitanitsa nyama yoikidwa pakati pa mabuledi awiri kuti adye osachoka pamene wakhala, ndipo pofika 1762 liwulo linali litayamba kale kulembedwa. Jinzi imene timasankha pa kaunjika ili ndi dzina la mzinda wa Genoa ku Italy, umene Afalansa amautchula Gênes, kumene kunkachokera nsalu yolimba ya amalinyero. Bluetooth ya pa foni yanu ndi dzina la Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900 imene inagwirizanitsa mafuko, ndipo kachizindikiro kake kaja ndi zilembo ziwiri zakale za kumeneko, H ndi B, ataziphatikiza. Sife achilendo pa zimenezi, paja mankhwala otsukira mano aliwonse timati kolugeti, sopo waufa aliyense safu.

Koma jumbo ndiye amandimvetsa chisoni pang'ono. Kwa ife jumbo ndi kapepala kapulasitiki konyamulira tomato ndi usipa pamsika, "mundiikire mu jumbo". M'Chingelezi jumbo ndi chinthu chachikulu kopitirira muyeso, ndipo tanthauzo limenelo linafala chifukwa cha njovu imodzi yeniyeni ya ku Africa kuno yotchedwa Jumbo. Inagwidwa ili yaing'ono cha ku Sudan, inapititsidwa ku Paris, kenako mu 1865 inafika kumalo osungira nyama a ku London kumene ana ankaikwera pamsana kwa zaka zambiri. Mu 1882 inagulitsidwa kwa P. T. Barnum wa ku America amene ankayenda m'mizinda kuonetsa nyama ndi zodabwitsa, anthu a ku England anadandaula kwambiri, ana analemba makalata kuti isapite, koma inapita. Barnum anailengeza ponseponse ngati nyama yaikulu kuposa zonse mpaka dzina lake linasanduka liwu lotanthauza ukulu. Mu Seputembala 1885 inagundidwa ndi sitima ya pamtunda ku St. Thomas ku Canada n'kufa, kutali ndi tchire limene inabadwira. Ndege ya Boeing 747 itauluka koyamba mu 1969 anthu anaitcha jumbo jet, dzina la njovu ija.

Mawu ena sanasinthe maonekedwe koma tanthauzo linatembenuka. Nice amene timauzana tsiku ndi tsiku anachokera ku nescius wa Chilatini, wosadziwa kanthu, ndipo cha m'ma 1300 ukauza munthu kuti ndi nice unali ukumunena kuti ndi chitsiru. Silly anayenda njira yosiyana, poyamba ankatanthauza wodalitsika, kenako wosalakwa, kenako womvetsa chisoni, mapeto ake wopusa. Njira imeneyi ife tikuidziwa bwino, si paja timachita kukumbutsana kuti kufatsa si kupusa, chifukwa anthu amafulumira kuona munthu wabwino mtima ngati wogona. Goodbye ndi God be with ye, Mulungu akhale nanu, anthu analitafuna mofulumira kwa zaka zambiri mpaka God anasanduka good potengera good day ndi good night, ndiye tikamati bayi pa foni tatsala ndi kachidutswa kochepa ka dalitso lathunthu.

Deadline ndi liwu la muofesi lero, lipoti lifike Lachisanu isanakwane 5 koloko. Koma linali mzere weniweni ndipo imfa yake inali yeniyeni. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ku ndende ya asilikali ogwidwa ya Andersonville ku Georgia mu 1864, mkati mwa mpanda munali kampanda kena kakafupi pafupifupi mamita 6 kuchokera ku mpanda waukulu, ndipo mkaidi aliyense wodutsa kapena kungokhudza pamenepo alonda ankamuwombera. M'ndende imeneyo munafa anthu pafupifupi 13,000, ambiri ndi njala ndi matenda. Patapita zaka, cha m'ma 1920, a nyuzipepala a ku America ndi amene anayamba kuligwiritsa ntchito ponena nthawi yomaliza yoperekera nkhani. Kwarantini amene tinamudziwa bwino nthawi ya Covid ndi quaranta, 40 m'chilankhulo cha ku Italy, masiku amene zombo zinkadikira kunja kwa doko la Venice nthawi ya mliri anthu asanaloledwe kutsika, ndiye ngakhale ankatiuza masiku 14, liwulo palokha likunena 40. Vaccine ndi vacca, ng'ombe, chifukwa katemera wa Edward Jenner wa 1796 wa nthomba anachokera ku zilonda za nthenda ya ng'ombe. Malaria ndi mala aria, mpweya woipa, poti ankaganiza kuti malungo amabwera ndi fungo la m'madambo, mpaka Ronald Ross anapeza tizilombo take mu udzudzu mu 1897, koma dzina lolakwikalo linakhala.

Nanga OK? Liwu limene agogo akumudzi amene sanapondeko m'kalasi amalidziwa, "oke mwanawe, ndamva." Linayamba ngati nthabwala ya anyamata a m'tawuni. Cha m'ma 1838 ndi 1839 ku Boston kunabuka kafashoni kolemba mawu mwachidule, ndipo kuti zisekese ankayamba alakwitsa dala sipelo kenako n'kudula, no use ankalemba K.Y. ngati kuti ndi know yuse, all right ankalemba O.W. ngati oll wright, ndendende mmene ana athu amalembera gud nyt ndi xul pa WhatsApp ife n'kumadandaula kuti akuononga chilankhulo. Pa 23 Malichi 1839 nyuzipepala ya Boston Morning Post inasindikiza o.k. kuimira oll korrect, kutanthauza all correct. Anzake onse aja anafa, palibe amawakumbuka, koma OK anapulumuka chifukwa cha ndale. Pa chisankho cha 1840 pulezidenti Martin Van Buren, amene kwawo kunali ku Kinderhook ku New York, ankatchedwa Old Kinderhook, ndiye omutsatira anayambitsa magulu otchedwa O.K. Club, zilembo ziwirizo zinamveka dziko lonse pa kampeni. Van Buren chisankhocho analuza, koma OK anapitirira, anthu otumiza matelegalamu anamukonda poti ndi wamfupi. Amene anafukula zonsezi ndi pulofesa Allen Walker Read wa ku Columbia University, atakhala pansi kuwerenga manyuzipepala akale n'kulemba zimene anapeza mu 1963 ndi 1964.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tichenjezane, chifukwa nkhani za mawu zili ndi mabodza ambiri okoma. Ndili ku sekondale aphunzitsi ena amene ndinkawalemekeza kwambiri analemba pa bolodi NEWS motsitsa, n'kulemba pambali pake North, East, West, South, amvekere nkhani zimachokera mbali zonse zinayi za dziko n'chifukwa chake amazitcha choncho. Tinakopera m'makope mosangalala, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso anauzidwa ndi aphunzitsi awo ndi mtima wabwino womwewo. Koma si zoona. News ndi new chabe amene amuika s, zinthu zatsopano, monga Afalansa amanenera nouvelles. Golf amati ndi Gentlemen Only Ladies Forbidden, bodza, liwulo likupezeka kale mu lamulo la ku Scotland la 1457 pamene mfumu James II inaletsa gofu ndi mpira chifukwa anyamata ankasiya kuphunzira kulasa ndi uta. Posh, liwu lonena zinthu zapamwamba, amati ndi Port Out Starboard Home, zolembedwa pa matikiti a anthu olemera opita ku India pa sitima, koma tikiti yotero sinapezekepo ngakhale imodzi. Tip ya kwa weita amati To Insure Promptness, nayonso ndi yopeka.

Njira yosavuta yozindikirira ndi iyi, kupanga liwu lotchulika pogwiritsa zilembo zoyamba za mawu angapo ndi khalidwe la posachedwa, linafala m'zaka za m'ma 1900 makamaka nthawi ya nkhondo. Radar ndi wa 1940, laser ndi scuba anabwera nkhondo itatha, amenewo ndi oona. Ngakhale OK amene ndi wakale timamutchula chilembo chimodzichimodzi, sanasanduke liwu ngati radar. Ndiye wina akakuuzani kuti liwu la zaka 500 ndi chidule cha chiganizo chinachake chokoma, ikani chala pamenepo.

Ndipo bodza lotere tili nalo lathulathu. Ndi angati mwa ife amene tinamva kuti boma ndi British Overseas Military Administration, ena amati British Overseas Management Administration? Ndinalimvapo kwa anthu ophunzira bwino, ena amalinena ngati chinsinsi chimene angotulukira kumene. Koma ofesi ya dzina limenelo sinakhalepo. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mpanda, tchinga la mitengo kapena minga lotetezera anthu ndi ziweto, ndipo azungu oyenda m'madera a kum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1800 ankalilemba m'mabuku awo a ulendo ulamuliro wa atsamunda usanakhazikike. Atsamunda atayamba kumanga malo awo okhala ndi asilikali ankawazinga ndi mpanda, anthu n'kumati ku boma. Umboni wina woonekeratu ndi woti Ajeremani, amene analibe chifukwa chotchulira maofesi awo dzina loyamba ndi British, nawonso nyumba zawo zolamulira ku Tanganyika zinkatchedwa boma, za ku Bagamoyo ndi ku Mikindani zimene anamanga m'zaka za m'ma 1890 zikutchedwabe choncho mpaka lero.

Kwathu kuno liwulo linakula pang'onopang'ono, kuchoka pa mpanda kufika pa malo amene DC amakhala, n'chifukwa chake agogo akavala jekete lawo la pa Sabata m'mawa n'kukwera njinga amati ndikupita ku boma, kutanthauza ku Ntcheu kapena ku Dowa pamene pali maofesi, positi ofesi ndi chipatala, kenako linafika potanthauza ulamuliro wonse, boma lakweza mtengo wa feteleza, boma ndi lomweli. Ndipo mukatsegula madikishonale akuluakulu a Chingelezi mulipeza liwuli lili momwemo, boma, ndi kufotokoza kuti linachokera ku Chiswahili. Malo ogona alendo a ku South Africa ndi kumapaki a nyama amatcha boma kabwalo kozingidwa ndi mpanda wa bango kamene alendo amadyera usiku atazungulira moto.